Lumo ndi Nkhope za Anyamata Athu



Pali ntchito zina zimene bambo sachita kukhazika mwana pansi kuti amuphunzitse. Kwathu kunyanja mwana amadziwa kupalasa bwato ndi kusoka ukonde pongoyang'ana manja a akuluakulu. Kumeta nakonso kudali m'gulu lomweli. Ife amene tidakulira ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota tikukumbuka momwe Lachisanu m'mawa agogo ankakhalira pa mpando kuseri kwa nyumba, m'bale wawo akunola lumo pamwala, madzi akufunda pamoto. Ometawo sankathamanga. Ankayamba anyowetsa mutu, nkumacheza nkhani za usipa ndi mphepo ya mwera kufikira tsitsi litafewa, kenaka nkuyamba ntchito. Mnyamata ankaima pambali atanyamula beseni, ndipo pofika tsiku loti naye agwire lumo adali ataona kale zonse.

Kuno ku Lilongwe mwana wotere alibe poonera. Bambo amadzuka kusanache, kuswali Fajr nkuthamangira minibasi kapena kabaza, kubwera usiku. Mnyamata akaona tindevu tayamba kumera amapita yekha pa kantini kukagula lezala, nkulowa m'bafa ya kuseri ndi kagalasi kosweka ndi sopo wochapira zovala. Zotsatira zake timaziona ndife aphunzitsi a madrasa ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona. Mnyamata wa zaka 16 kapena 17 amakhala patsogolo pathu akuwerenga Qur'an, koma dzanja lili pakhosi, kukanda. Pansi pa chibwano pali ziphuphu zoti mbwee, zina zamafinya, zina zasiya kale mawanga akuda. Ena kunkhongo kwawo kwatupa timibulu tolimba, mwakuti chisoti amachikokera pansi kuti anzawo asaone. Tikawafunsa, ambiri amati ndi magazi oipa, ena amati wina adawatola tsitsi nkukawachitira zoipa. Ndi ochepa amene amaganizira lumo lomwe lili m'thumba mwawo.

Kodi ziphuphuzi zimachokera kuti?

Allah adatilenga ife anthu akuda ndi tsitsi lopotana. Tsitsi lotere silimera molunjika ngati udzu, limatuluka pakhungu likupindika kale. Munthu akalimeta ndi lumo, nsonga yake imasongoka ngati munga. Pamene likukulanso, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, limapindika nkubwerera kudzabaya khungu lomwelo. Ngati lidametedwa mozama zedi, silipeza ndi potulukira pomwe, limangoboola m'mbali mkati mwa khungu. Thupi limalandira tsitsilo monga momwe limalandirira munga wa mtete: pamatupa, pamayabwa, nthawi zina pamachita mafinya. Madokotala a khungu amalitcha vutoli pseudofolliculitis barbae, ndipo awiri a ku America, Strauss ndi Kligman, adalifotokoza bwino lomwe m'chaka cha 1956. Ku America komweko asilikali akuda, amene amalamulidwa kumeta tsiku ndi tsiku, adavutika nalo kwambiri kufikira madokotala a usilikali adayamba kulembera ena makalata owalola kusunga tindevu tatifupi.

Pali vuto lachiwiri lomwe ndi losiyana ndi ili, ngakhale anthu amawasokoneza. Uku ndi kuwotcha kwa khungu kumene kumayamba munthu atangomaliza kumeta. Lumo silidula tsitsi lokha, limapalanso kakhungu kapamwamba kamene kamatchinga thupi. Ngati lumo ndi lobuntha, ngati palibe thovu, kapena munthu wabwereza malo amodzi kanayi kapena kasanu, kakhunguko kamachoka ndipo pamatsala poyera ngati pamene wakhulika ndi chingwe. Kukazizira mu Juni ndi Julayi, khungu likauma ndi mphepo ndi fumbi, kuwotchaku kumanyanya. Mu Okutobala thukuta limalowa m'timabala tija, ndipo kolala ya malaya imakhula pamenepo tsiku lonse.

Vuto lachitatu ndi la kunkhongo. Anyamata amakonda kuti wometa awajambule mzere wowongoka ndi lezala m'malire a tsitsi. Kukhulakhula malo amenewa sabata ndi sabata kumabweretsa timibulu timene tikakhalitsa timalumikizana nkukhala chipsera chachikulu chotupa, ndipo pamenepo tsitsi silimeranso. Chipsera chotere sichitha ndi mafuta ogula pamsika.

Ambiri amaganiza kuti lumo lodula mtengo, la mano awiri kapena atatu, ndilo mankhwala. King Gillette adayamba kugulitsa lumo la lezala losinthasintha m'chaka cha 1903, ndipo mu 1971 kampani yake idatulutsa la malezala awiri. Ntchito ya lezala loyamba ndi kukoka tsitsi pang'ono, lachiwiri nkulidula lisanabwerere m'malo mwake. Kwa munthu wa tsitsi lowongoka zimenezi zimapereka nkhope yosalala. Kwa ife nsonga ija imabwerera nkukabisala pansi pa khungu, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu chiphuphu chatuluka. Choncho lezala limodzi lakuthwa m'dzanja lodekha limatichitira ubwino kuposa lumo la mano ambiri.

Zimene tidaphunzira m'mabuku a Fiqh

Tili ku koleji ya Chisilamu, khomo loyamba la Fiqh lidali la Twahara, ndipo m'menemo mudali nkhani ya Sunna za chilengedwe, zotchedwa Fitra. Hadith ya Abu Huraira, imene idalandiridwa ndi Imam Bukhari ndi Imam Muslim, imatchula zisanu: mdulidwe, kumeta tsitsi la pachinena, kupungula masharubu, kuwenga zikhadabo ndi kuzula tsitsi la m'khwapa. Hadith ya Anas mwa Imam Muslim imaika malire oti izi, kupatula mdulidwe, zisasiyidwe kupitirira masiku 40. Tsono Msilamu, mwamuna kapena mkazi, sangathawe lumo moyo wake wonse. Mwana akabadwa timamumeta tsiku lachisanu ndi chiwiri pa Aqiqa. Wopita ku Hajj kapena Umra amameta kapena kupungula tsitsi potuluka mu Ihram. Chinthu chimene timachigwira kawirikawiri chotere nchoyenera kuchidziwa bwino.

Za ndevu, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adalamula kuzisiya ndi kupungula masharubu. Ma Ulama ambiri amati kuzimeta ndi haramu, pomwe ena otchuka a mazhabu a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kunyanja timatsatira, adati ndi makruhu. Sitikufuna kutsegula mkangano umenewo pano. Chimene tikufuna kuti owerenga adziwe nchakuti dokotala wa khungu akaona ziphuphu zija, langizo lake loyamba limakhala loti munthu aleke kumeta kwa masabata anayi kapena kupitirira. Tsitsi likatalika limadzisolola lokha m'khungu momwe lidabaya, ndipo kutupa kumaphwa. Mnyamata amene wasunga ndevu chifukwa cha Sunna amapeza kuti nkhope yake yapola osagula mankhwala. Komabe ngakhale iye amakonza m'mbali ndi pakhosi, amameta mutu ndi malo obisika, choncho luso la lumo likumukhudzabe.

Chipembedzo chathu sichikondwera ndi munthu wodzizunza. Imam Nawawi adasimba za wophunzira wina amene adapeza Imam Shafi'i akumetedwa m'khwapa ndi lumo. Imamuyo adamuuza kuti akudziwa kuti Sunna ndi kuzula, koma sangathe kupirira ululu wake. Ngati munthu wamkulu chotero adasamala khungu lake, mnyamata wa ku Mgona asachite manyazi kufunsa njira yometera yosapweteka. Cholinga ndi ukhondo. Amene lumo limamutupitsa pachinena kapena m'khwapa angathe kupungula ndi sizasi kapena makina kufikira tsitsi litafupika kwambiri.

Anyamata amatifunsanso ngati magazi a pometa amaononga Wudhu. M'mazhabu a Imam Shafi'i kutuluka magazi pabala sikuononga Wudhu, ndipo timagazi tochepa ta m'ziphuphu timakhululukidwa pa Swala. Abale athu otsatira Imam Abu Hanifa, monga ambiri a ku India ndi Pakistan omwe timaswali nawo m'mizikiti ya m'tauni, amati magazi akayenderera Wudhu waonongeka. Ndi chifukwa chake mudzaona wina akubwerera kumpopi mnzake ali chikhalire. Onsewo ali ndi umboni wawo, ndipo pasakhale kunyozana.

Kametedwe kake

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Kumeta kumayamba lumo lisanakhudze khungu. Tsitsi louma ndi lolimba, koma likamwa madzi ofunda kwa mphindi zitatu kapena zisanu limafewa mwakuti lumo limadutsa popanda kukoka. Tikudziwa kuti makala ndi odula ndipo madzi ambiri a ife timachita kugula pa kiyosiki, koma pano sipafunika ndowa. Kapu imodzi yotsala m'ketulo ya tiyi ndi yokwana. Viikani kansalu koyera, kaikeni pamalo ometedwawo, kakazizira muviikenso. Nthawi yabwino koposa ndi pamene mwangosamba, monga Lachisanu musanapite ku Jumu'a.

Kenaka pangani thovu. Sopo wochapira zovala, makamaka waufa, ndi waukali. Adapangidwa kuti achotse mafuta pansalu, ndipo amachotsanso mafuta a khungu. Gwiritsani sopo wosambira wofatsa, kapena kirimu wometera ngati thumba likulola. Thovu likhale lonyowa ndi loterera, ndipo likauma muonjezere. Lumo lisayende pamalo popanda thovu ngakhale kamodzi.

Chachitatu, dziwani kumene tsitsi lanu lagonera. Lisiyeni masiku awiri kapena atatu, kenaka yendetsani chala pamasaya, pachibwano ndi pakhosi. Kumene chala chikuterera ndiko tsitsi laloza. Kumene chikukwakwala ndiye kuti mukulimbana nalo. Pamasaya kawirikawiri limaloza pansi, koma pakhosi limatha kuloza m'mbali, m'mwamba kapena kuzungulira, ndipo munthu aliyense ali ndi kagonedwe kake. Metani motsata kumene lagonera. Kumeta mobwerera kumapereka kusalala kwa tsiku limodzi ndi ziphuphu za mwezi wathunthu.

Chachinayi ndi dzanja. Lezala ligone pang'ono pakhungu, lisaime chilili ngati mukupala mamba a chambo. Musakanikize. Kokani pang'onopang'ono, mtunda wa chala chimodzi, nkutsuka lezalalo m'madzi, nkupitiriza. Musakoke khungu ndi dzanja linalo kuti liwambike ngati ng'oma, chifukwa mukalisiya tsitsi lodulidwalo limamira pansi. Malo amodzi muwadutse kamodzi, akachuluka kawiri, mutapakanso thovu. Ngati chala chikumvabe timinga tating'ono mutamaliza, musadandaule. Nsonga imene mukuimva ili kunja, sikubaya mkati.

Mukamaliza sambani ndi madzi ozizira, nkupukuta mongogunditsa nsalu, osakhula. Anyamata ambiri amathira sipiriti kapena perefyumu, ndipo akamva kulasa amati mankhwala akugwira ntchito. Kulasako ndi kulira kwa khungu losupuka, ndipo sipiriti amaliumitsa koposa. Pakani mafuta ofatsa monga Vaseline kapena gilisalini, pang'ono pokha. Mafuta opaka mochindikala amatsekereza madzi a Wudhu kufika pakhungu, choncho pakani mutapanga kale Wudhu, kapena pukutani ochulukawo musanapange.

Musamete tsiku ndi tsiku ngati palibe chokukakamizani, ndipo musadutsitse lumo pa ziphuphu zimene zilipo kale. Usiku khulani malowo mofatsa mozungulira ndi kansalu kofunda kapena mswachi wofewa woikira ntchito yomweyo, kuti nsonga zoyamba kupindika zimasuke. Mukaona tsitsi lapinda ngati uta nkulowa m'khungu, tengani singano yowiritsa, muikolowole nsongayo ituluke, koma musalizule, pakuti lomera m'malo mwake lidzayambira pansi nkubayanso. Amene khungu lake lakana lumo ngakhale atatsata zonsezi agwiritse makina, osiya tsitsi lotalika ngati milimita imodzi.

Tichenjezenso za mankhwala a m'misika. Pali timachubu ta mafuta amphamvu timene amagulitsa pamodzi ndi zoyeretsa khungu. Timaphwetsa ziphuphu masiku oyamba, koma tikagwiritsidwa nthawi yaitali timapyapyalitsa khungu, ndipo vuto limabwerera moposa kale. Ufa wosungunula ndevu nawo umawotcha ngati wakhalitsa pankhope. Ngati pali mafinya, kutupa kofalikira, timibulu ta kunkhongo, kapena munthu ali ndi matenda a shuga amene amachedwetsa mabala kupola, pitani kuchipatala cha Kawale, cha Area 25 kapena ku Bwaila. Akaona kuti nkofunika adzakutumizani kwa oona za khungu ku Kamuzu Central.

Lezala limodzi, munthu mmodzi

Apa ndi pamene nkhani ya ziphuphu imasanduka nkhani ya moyo. Khungu la ziphuphu limatuluka magazi msanga, ndipo magazi otsala pa lezala saoneka ndi maso nthawi zonse. Chiyambire 1985, pamene munthu woyamba adapezeka ndi Edzi m'dziko muno, takhala tikumva kuti tisabwerekane malezala. Chimene ambiri sadziwa nchakuti pali kachirombo kena, ka matenda a chiwindi a Hepatitis B, kamene kamapatsirana mosavuta kuposa ka HIV, ndipo kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kupitirira. Munthu angakhale nako zaka zambiri osadziwa, chiwindi chikuonongeka. Katemera wake adayamba kuperekedwa kwa makanda kuno ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti abambo ndi amayi ambiri obadwa chakacho chisanafike sadalandire.

M'nyumba zathu za lendi, momwe anyamata anayi amagona chipinda chimodzi, lezala limakhala pawindo ndipo aliyense amangotola. M'mababashopu a m'makwalala, magetsi akathima wometa amatenga chipeso ndi lezala. Ometa ambiri ndi anthu osamala ndipo ena ndi abale athu a mumzikiti, koma Eid ikayandikira mzere umatalika ndipo dzanja limafulumira. Nkoyenera kupita ndi lezala lanu, kapena kuona ndi maso kuti latsegulidwa m'pepala pamaso panu. Kupukuta lezala lakale ndi thonje la sipiriti sikulisandutsa latsopano. Makina nawo atsukidwe ndi kupukutidwa mutu wina usanafike, chifukwa ndi m'menemo momwe zipere zimayendera kuchoka kwa mwana wina kupita kwa wina. Ku Mina, pa tsiku la 10 la Dhul Hijja pamene mahaji miyandamiyanda amameta, boma la Saudi Arabia limalangiza anthu kupita kwa ometa ovomerezeka okha, ogwiritsa lezala limodzi pa mutu umodzi. Ngati lamuloli likusungidwa pamalo opatulika, sitingalione ngati mwano kwa m'bale pano pa Chinsapo. Ndi chimodzimodzi ku jando: mpeni kapena lezala la mwana mmodzi lisakhudze wina.

Pa Aqiqa pafunika kusamala koposa. Khungu la khanda ndi lopyapyala ndipo paliwombo mpofewa. Lezala likhale latsopano, wometa asambe m'manja, mutu unyowetsedwe ndi madzi ofunda, ndipo ntchitoyi ipatsidwe kwa munthu wa dzanja lokhazikika, osati kwa aliyense chifukwa choti ndi wamkulu pabanja. Lezala la dzimbiri kapena logwera pansi lingalowetse kafumbata m'thupi.

Lezala lotha ntchito lisatayidwe kudzala. Ana athu a madrasa timawalanda malezala otola amene amasongolera mapensulo, ndipo zala zawo zimakhala ndi mabala. Ikani malezala akale m'chitini chotseka, chikadzaza mukachiponye m'chimbudzi chokumba. Tsitsi lometedwa ndi zikhadabo ma Ulama athu adati ndi bwino kuzikwirira, polemekeza thupi la mwana wa Adam.

Kwa makolo ndi olemba ntchito

Anyamata ambiri amene timawaphunzitsa akamaliza Fomu 4 amapeza ntchito za ulonda, za m'mahotela ndi m'masitolo, kumene amauzidwa kuti azifika chibwano chili mbee m'mawa uliwonse. Tidaonapo mnyamata amene adapirira chaka chonse akumeta pa zilonda poopa kuchotsedwa ntchito, mpaka khosi lake lidadzaza zipsera zimene adzakhala nazo moyo wonse. Pakhomo pake pamadalira malipiro akewo, choncho sitikadamuuza kuti angosiya. Chimene tidachita ndi kumuperekeza kuchipatala kuti akalandire kalata, ndipo akuluakulu a pamzikiti adakalankhula ndi abwana ake mwaulemu. Adamulola kugwiritsa makina. Olemba ntchito ambiri sadziwa kuti ili ndi vuto la khungu lodziwika kwa madokotala. Amayesa ndi uve kapena ulesi. Ndevu zazifupi zosamalidwa bwino zimaoneka zaukhondo kuposa chibwano cha mafinya. Asilamu amene Allah adawadalitsa ndi mabizinesi ayambe ndiwo kuonetsa chitsanzo.

Kwa inu abambo, mwana akafika zaka 14 kapena 15 musadikire kuti aphunzire kwa anzake a pa bawo kapena pa foni. Patulani Lachisanu limodzi, mumugulire lezala lakelake, mumuonetse madzi ofunda, thovu ndi kagonedwe ka tsitsi. Mumuuzenso za malo obisika ndi malire a masiku 40, pakuti ambiri amafika pa ukwati asanamvepo. Ngati mwambo ukukuletsani kulankhula zotere ndi mwana wanu, tumani amalume ake kapena mwalimu. Amene muli kumudzi ndipo ana anu ali kuno kwa achibale, funsani amene akuwasunga ngati adawauza. Amayi ndi azakhali achite chimodzimodzi ndi atsikana, chifukwa khungu la m'khwapa ndi la pachinena ndi lofewa kuposa la pankhope, ndipo mtsikana amavutika mwakachetechete. Ana amasiye amene ali pakati pathu asaiwalike. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Thupi ndi amana imene tidzafunsidwa. Tiyeni tiisunge ngakhale pa zinthu zooneka zazing'ono monga lezala la pa kantini. Allah atipatse ife ndi ana athu thanzi ndi ukhondo, ndipo Iye ndiye Wodziwa koposa.